Kutsata makalata a Verdi ndi Boito: zolemba za ulendo wanga ku Italy

Lolemba, Milan

Ndafika dzulo madzulo. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene akugwira ntchito kuno, anandichingamira pa bwalo la ndege la Malpensa atanyamula jekete lina m'manja. "Amalume, valani ili pamwamba pa lanulo, Novembala wa kuno si wa ku Balaka." Sananame. Kwathu pano anthu akuthawira pamthunzi, maso ali kumwamba kudikira mvula yoyamba, koma kuno kuli nkhungu ndipo pofika 5 koloko kwayamba kale kuda.

Ena mwa inu mukudziwa kuti ndakhala ndikuphunzitsa kwaya zaka zambiri. Chimene simukudziwa n'chakuti khutu langa linatsekulidwa ndi kaseti. Ndili mnyamata, pa parishi yathu panali bambo mfumu wina wochokera ku Bergamo, ndipo Lamulungu masana ankayika kaseti pa khonde, ife anyamata otumikira ku guwa titakhala pansi. Ankati iyi ndi opera, sewero limene anthu salankhula, amangoyimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzina la Giuseppe Verdi ndinalimva koyamba pa khonde limenelo. Patapita zaka ndinapeza buku la makalata amene Verdi ankalemberana ndi Arrigo Boito, mlakatuli amene anamulembera mawu a masewero ake awiri omaliza, Otello ndi Falstaff. Makalatawo ndi pafupifupi 300. Ndawawerenga mobwereza mpaka chikuto chinathothoka, ndipo bukulo lili m'chikwama changa pano. Ndabwera kudzaponda malo amene ankachokera ndi kumene ankapita.

Lero tayambira kumene nkhaniyo inathera. Tinatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Duomo, tinadutsa mu Galleria Vittorio Emanuele II, n'kutulukira pa bwalo la La Scala, nyumba yotchuka yoyimbiramo opera. Kunja kwake nyumbayi ilibe matama, munthu wosadziwa angathe kuidutsa. Inatsegulidwa mu 1778. Tinalowera ku nyumba yosungira zakale imene ili pambali pake, ndipo kuchokera m'menemo amakulola kusuzumira m'holo yeniyeniyo utaima m'kachipinda kamodzi ka owonerera. Mipando yofiira, zipinda zosanjikizana m'mwamba ngati zisa za njuchi, nyali yaikulu pakati. Ndinaima nthawi yaitali mpaka mphwanga anandikoka dzanja kuti ena nawonso aone.

M'holo imeneyi, pa 5 Febuluwale 1887, Otello anayimbidwa koyamba. Verdi anali ndi zaka 73, ndipo chitulutsireni Aida mu 1871 anali asanapekenso sewero latsopano. Anthu ambiri anali atataya mtima kuti mkuluyo wapachika zida. Francesco Tamagno anayimba Otello, Victor Maurel anayimba Iago, msilikali wanjiru amene amanamiza Otello, Romilda Pantaleoni anayimba Desdemona, mkazi wa Otello, ndipo wotsogolera oyimba onse anali Franco Faccio. Pakati pa oliza zingwe panali mnyamata wa zaka 19 wa ku Parma, Arturo Toscanini, akuliza cello. Sewero litatha, khamu linamasula akavalo pa ngolo ya Verdi n'kuikoka ndi manja mpaka ku hotela yake.

Usiku umodzi umenewo unatenga zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu kuukonza. Zakazo ndi zimene ndabwerera.

Lachiwiri, Milan

Tapita ku Brera. M'nyumba yaikulu imeneyi muli laibulale ya Braidense, ndipo m'menemo ndi mmene mukusungidwa mapepala akale a kampani ya Ricordi, imene inayamba mu 1808 ndipo inkasindikiza nyimbo za Verdi. Manotsi a Otello olembedwa ndi dzanja la mwini wake ali m'nyumba imeneyi. Mapepala otere sawaika pa tebulo kuti aliyense agwire, choncho ndinakhala pa benchi pabwalo la m'katimo n'kumaona zithunzi za makalata a kampaniyi pa foni ya mphwanga, popeza ambiri anawaika pa intaneti. Zolemba za Verdi n'zothamanga, zopendekeka, ngati za munthu amene akufulumira kubwerera kumunda.

Nkhani ya Otello inayamba ndi nkhoswe. Giulio Ricordi, mdzukulu wa mwini kampani woyamba, ankafunitsitsa kuti Verdi apekenso, ndipo ankadziwa kuti nyambo imodzi yokha imene mkuluyo sangaikane ndi Shakespeare. Ankadziwanso kuti mlakatuli woyenera ndi Boito. Vuto linali lakuti pakati pa awiriwa panali chilonda. Mu 1862 Boito anamulemberapo Verdi mawu a nyimbo ina yokayimbidwa ku London, zinthu zinayenda bwino. Koma mu 1863, ali ndi zaka 21, pa phwando la mnzake Faccio, Boito analakatula ndakatulo yonena kuti guwa la luso la Italy laipitsidwa ngati khoma la nyumba ya mahule, ndipo pakufunika wina wodzaliyeretsa. Sanatchule dzina, koma Verdi, amene panthawiyo ndiye anali mwini bwalo, anadzimva yekha. Analembera a Ricordi kuti ngati nayenso ali m'gulu la oipitsa guwalo, mnyamatayo aliyeretse, iye adzakhala woyamba kukayatsapo kandulo. Mlandu suwola. Zaka 16 zinadutsa mawuwo akadali m'mtima mwake.

Mu 1879 Verdi anabwera ku Milan kudzatsogolera Misa yake ya akufa pothandiza anthu amene madzi osefukira anawasautsa. Pa chakudya chamadzulo Ricordi anakhotetsa nkhani mochenjera mpaka inafika pa Othello, sewero la Shakespeare, ndi pa Boito. Mawa lake Faccio anabweretsa Boito ku hotela, ndipo patangopita masiku atatu Boito anabwera ndi ndondomeko ya sewero lonse. Verdi sanalonjeze kanthu. Anangoti lembani mawuwo, adzathandiza inu, kapena ine, kapena wina. Boito analemba. Sewero la Shakespeare la mizere yoposa 3,000 analifinya kukhala mizere yosakwana 800, gawo loyamba lonse la ku Venice n'kulichotsa, kuti nkhani iyambire pa chilumba cha Cyprus mkuntho uli pakati.

Pali chinthu china m'makalata a nthawi imeneyi chimene sindingachilumphe. Pofuna kusunga chinsinsi, Ricordi ndi a m'nyumba ya Verdi ankautcha mpangano umenewu chokoleti, chifukwa Otello ndi munthu wakuda. Pa Khirisimasi Ricordi ankatumiza keke ya panettone yokhala ndi kachidole ka chokoleti pamwamba, kumukumbutsa mkuluyo za ntchito. Kwa iwo zinali nthabwala za m'banja. Ine ndikawerenga pamenepa pamandibaya, ndipo lero, nditakhala pa benchi ija ndili munthu wakuda ndekha pabwalo lonse kupatula mphwanga, panandibaya kwambiri. Kwa zaka zoposa 100 oyimba achizungu akhala akudzipaka zakuda kumaso kuti akhale Otello. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York inasiya mwambowu mu 2015. Komabe ndikamvetsera nyimbozo, sindimva chidole. Verdi anamupatsa Otello mawu a mkulu wa asilikali wolemekezeka, amene polowa koyamba amakweza liwu limodzi anthu onse n'kukhala chete, ndipo pomwalira amayimba motsitsa mpaka misozi imakulengeza. Munthu yemweyo amene ankaseka za chokoleti pa tebulo ndi amene analemba zimenezi. Zonse ziwiri ndazinyamula, sindikutaya chimodzi kuti chinzake chipepuke.

Mphwanga nditamuuza anangoti, "Amalume, ine ndimakumana nazo m'basi." Tinayenda osalankhula mpaka kunyumba.

Lachitatu, Genoa

Sitima yochokera ku Milano Centrale imatenga ola limodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Imalowa m'mapanga a m'mapiri kambirimbiri, kenako mwadzidzidzi nkhungu yatsala m'mbuyo, kutsogolo kuli nyanja. Pafupi ndi siteshoni ya Piazza Principe pali Palazzo Doria, nyumba imene Verdi ndi mkazi wake Giuseppina Strepponi ankakhalamo m'miyezi yozizira kwa zaka zambiri. Makalata ochuluka a m'buku langa pamwamba pake palembedwa Genova.

Asanakhulupirire Boito pa Otello, Verdi anamuyesa kaye pa ntchito yokonza. Panali sewero lake la 1857, Simon Boccanegra, lonena za mtsogoleri woyamba wa mzinda uno amene anasankhidwa mu 1339. Silinkayenda bwino. Boito analifanizira ndi tebulo logwedera, Verdi n'kuvomereza kuti likugwederadi, koma mwendo ukakonzedwa lingathe kuima. Pokonza mwendowo panabadwa gawo latsopano la m'bwalo la aphungu, limene maganizo ake Verdi anawatenga m'makalata a mlakatuli wakale Petrarch opempha Genoa ndi Venice kuti asiye kumenyana popeza ndi ana a mayi mmodzi. Linayimbidwa ku La Scala mu 1881 ndipo tebulo linaima.

Koma kalata imene ndaiwerenga lero nditakhala pa doko ndi ya Okutobala 1880. Verdi ankavutika ndi mathero a gawo lachitatu la Otello, pamene Otello wagwetsa mkazi wake pansi pamaso pa akazembe a ku Venice. Anaganiza kuti pamenepo pamveke ng'oma ndi mizinga, adani a ku Turkey abwerenso, Otello adzuke asolole lupanga n'kutsogolera asilikali. Pa siteji zikanakoma, anthu akanawomba m'manja. Boito, wocheperapo ndi zaka pafupifupi 29, munthu yemwe uja wa ndakatulo ya guwa, anamulemberadi mawu a zimene anapemphazo, kenako n'kumuuza poyera kuti sakugwirizana nazo. Anati nkhondo imeneyo ili ngati chibakera choswa zenera la chipinda mmene anthu awiri akufa ndi kubanika. Mpweya ukalowa, imfa imene Shakespeare anaikonza mosamala yathawa, ndipo kuti awiriwo abwerere pa njira ya imfa uyenera kutsekanso zenera n'kuyambiranso. Verdi anamva, anataya maganizo ake. Mkulu wa zaka 67, wotchuka dziko lonse, kugonjera mfundo ya mwana amene anamunyozapo. M'makwaya athu, ndani wa ife amene amachita zimenezi wa tena wachinyamata akamuuza kuti vesi ili silikukhala?

Chinthu china ndachizindikira lero. Boito ankakonda kukhala ku Nervi, kufupi ndi kuno, nthawi yozizira. Akayandikana choncho makalata amaduka, chifukwa ankangokumana n'kukambirana pakamwa. Zimene tili nazo ndi za masiku amene anali kutali. Za masiku amene anakhala limodzi pa piyano zinapita ndi mphepo ya pa nyanjayi.

Tadya focaccia ya mafuta ambiri titaimirira, n'kukwera sitima ya madzulo.

Lachinayi, Parma

Parma ndi mzinda wa njinga, wa tchizi ndi nyama ya nkhumba youmitsa. Kuno kuli bungwe lofufuza za Verdi limene linasonkhanitsa makalata awa n'kuwasindikiza mu 1978. Sukulu ya nyimbo ya mzinda uno ili ndi dzina la Arrigo Boito, ndipo chipinda chake chowerengera, ndi mabuku ake, anachisamutsira kuno. Mmene dzinalo linafikira pa sukuluyi ndi nkhani yogwira mtima. Faccio, mnzake wa pa ubwana, anapatsidwa udindo woyang'anira sukuluyi koma anadwala matenda a mutu, sakanathanso kugwira ntchito. Boito anasenza udindowo m'malo mwake kuti malipiro azipitabe kwa wodwalayo, mpaka Faccio anamwalira mu 1891.

Lero ndi tsiku la kalata imene inandichititsa ulendo uno.

Mu 1884 Verdi anali atangoyamba kulemba manotsi oyamba a Otello. Boito anapita ku Naples kumene ankayimba sewero lake la Mefistofele, pakuti nayenso anali wopeka nyimbo. Pa phwando mtolankhani wina anamufunsa za Otello, ndipo nyuzipepala inalemba kuti Boito wadandaula kuti mawu okoma chotere sangawaikire nyimbo yekha. Nkhani za m'maluwa zimenezi zinamupeza Verdi. Sanakalipe. Analembera Faccio kuti akauze Boito kuti mawuwo akumubwezera, ndipo popeza anawalipira kale, akumupatsa ngati mphatso, popanda chakukhosi chilichonse. Aliyense amene anakhalapo ndi akuluakulu akudziwa kuti ulemu wozizira chotere umapweteka kuposa kutukwana.

Boito anayankha ndi kalata yaitali. Anafotokoza zimene ananenadi pa phwandopo, kuti mtolankhaniyo anapotoza. Anakana mphatsoyo. Anati inu nokha ndi amene mungaikire nyimbo Otello. Anaulula ndi chilonda chake chomwe: kuti iye ali ndi sewero lake la Nerone limene wakhala akulimbana nalo zaka zambiri, mwina adzalimaliza mwina ayi, koma kugwira ntchito ya mkuluyo amatha, ndipo anamupempha kuti asamutaye Otello. Nerone sanalimalizedi, linayimbidwa mu 1924, iye atamwalira mu 1918.

Yankho la Verdi linali lofunda pang'ono chabe. Anavomera kufotokozako, koma anati za Otello zakambidwa kwambiri, nthawi yapita yambiri, zaka zake n'zambiri, ndipo zonsezi zathira madzi ozizira pa ntchitoyo n'kuumitsa dzanja limene linali litayamba kulemba. Apa ndi pamene ndimamugomera Boito. Sanalembenso kalata ina yopepesa. Anatumiza ntchito. Analemba mawu atsopano a Iago, chikhulupiriro chake choipa chija, pamene munthu wanjiruyo amaima yekha n'kunena kuti amakhulupirira mulungu wankhanza amene anamulenga m'chifanizo chake, ndipo pambuyo pa imfa palibe kanthu. Verdi atawerenga anayankha kuti n'chokongola kwambiri, champhamvu, cha Shakespeare weniweni. Pofika Disembala chaka chomwecho analemba kuti zikuoneka zosatheka koma n'zoona, akulemba.

Tsopano ndinene zanga. Kwa zaka 11 ndinali ndi mnzanga, mphunzitsi wa Chichewa, amene ankalemba mawu ine n'kumaika chuni. Nyimbo zathu zina mukuziyimba m'matchalitchi mwanu osadziwa kuti zinachokera pa khonde la nyumba ya aphunzitsi. Zaka zinayi zapitazo, pa chikondwerero china cha makwaya, munthu anabwera kudzandinong'oneza kuti aphunzitsi anena pagulu kuti nyimbozo ndi zawo, ine ndimangokongoletsa. Sindinawafunse. Ndinatenga kope lawo la ndakatulo limene linali kwa ine, ndinaliika mu envulopu, n'kupatsa mwana kuti akawapatse, ndi kakalata kothokoza mwaulemu kwambiri. Iwo sanayankhe. Kuyambira pamenepo timapatsana moni pa maliro basi. Nditafika pa makalata a 1884 koyamba ndinatseka buku, chifukwa envulopu ija ndinaiona. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindinatumize kudzera kwa mnzathu amene akanatha kutikhazika pansi, ndipo kakalata kanga sikanasiye khomo loti munthu ayankhirepo.

Mphwanga amawadziwa aphunzitsiwo, anamuphunzitsa ku pulayimale. Ndamuuza zonsezi tikudya tortelli, ndipo sananene kanthu kupatula kundifunsa ngati ndinamvapo mawuwo ndi khutu langa. Sindinamve.

Lachisanu, Busseto

Kuchoka ku Parma tinasintha sitima pa Fidenza n'kukwera kasitima kakang'ono kopita cha ku Cremona. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati chigwa cha Shire, minda yolimidwa kale, mitengo italiitali m'mizere, nkhungu yokhuthala yochokera ku mtsinje wa Po.

Tinayambira ku Le Roncole, kamudzi ka makilomita ochepa kuchokera m'tauni, kumene Verdi anabadwira mu Okutobala 1813. Nyumba yake ndi yotsika, ya denga lopendekeka. Bambo ake ankagulitsiramo vinyo ndi zakudya kwa apaulendo. Kubadwa kwake kunalembedwa m'Chifalansa chifukwa derali linali m'manja mwa Napoleon. Patsidya pa msewu pali tchalitchi cha San Michele kumene anabatizidwa ndi kumene anayamba kuliza limba ali mwana. Ndinagwada m'menemo pang'ono. Mwana wa pa golosale wa kumudzi, woliza limba pa Misa, amene sukulu ya nyimbo ya ku Milan inamukana mu 1832, sukulu yomweyo lero ili ndi dzina lake. M'tauni ya Busseto muli nyumba ya Antonio Barezzi, wamalonda amene anamulipirira maphunziro n'kumupatsanso mwana wake Margherita kukhala mkazi wake. Margherita anamwalira mu 1840, ana awo awiri atatsogola kale.

Masana tinapita ku Sant'Agata, kumene Verdi anagula nyumba, anaikonza n'kuikulitsa, n'kukhalamo zaka pafupifupi 50. Nyumbayi inatsekedwa kwa alendo mu 2022 chifukwa cha nkhani za chuma cha masiye, zimenezi ndinkazidziwa ndisananyamuke. Ndinkangofuna kuima pa geti. Mitengo ikuluikulu imene ambiri mwa iyo anadzala yekha yaphimba nyumbayo. Munthu ameneyu anali mlimi weniweni, wodzuka m'mamawa kukayendera ng'ombe ndi ngalande zothirira, wowerengera ndalama iliyonse, ndipo anamangira anthu a m'derali chipatala ku Villanova chimene chinatsegulidwa mu 1888. Makalata onena za mmene Desdemona ayenera kupempherera asanaphedwe ankalembedwa pa tebulo lomwelo lowerengerapo matumba a tirigu.

Pa geti pamenepo ndinawerengera mphwanga kalata ya pa 1 Novembala 1886. Ndi yaifupi kwambiri, yolengeza kuti Otello watha kulembedwa. Watha, akutero Verdi, ulemu kwa ife, ndiponso kwa Iye, mwina kutanthauza Shakespeare. Sanati ndamaliza. Anati ife.

Mphwanga, amene Chitaliyana amachilankhula bwino, anandionetsa chinthu chimene m'buku langa la Chingerezi sichioneka. Zaka zonsezo awiriwa sanaitanepo ndi liwu lofanana ndi iwe wathu. Verdi ankalemba voi, Boito ankalemba Lei, onse awiri ndi inu waulemu. Wina Caro Boito, wina Caro Maestro. Ankatsutsana za mzere uliwonse, za liwu limodzi lotalika kwambiri, za dzina la sewero lenilenilo, pakuti kwa nthawi yaitali anthu ankalitcha Iago mpaka Verdi anagamula kuti likhale Otello, koma inu sanamusiye.

Ndipo sanalekere pomwepo. Mu Julayi 1889 Boito anatumiza ndondomeko ya sewero loseketsa, Falstaff. Verdi anasangalala, kenako anachita mantha, n'kufunsa ngati Boito waganizirapo za kuchuluka kwa zaka zake, ndiponso ngati ntchitoyi siimuchedwetsa pa Nerone. Boito anamulimbitsa mtima kuti pali njira imodzi yokha yomalizira bwino kuposa Otello, ndiyo kumaliza ndi kuseka. Verdi anayankha kuti Amen, zikhale choncho, tiyeni tipange Falstaff. M'makalata otsatira Falstaff amamutcha Chimimba, tsiku lina Chimimba wadwala sakuyenda, tsiku lina wapenga akudumphadumpha. Linayimbidwa pa 9 Febuluwale 1893, mwini wake ali ndi zaka 79.

Madzulo pa kanyumba kodyera anatipatsa polenta. Ndi ufa wa chimanga chachikasu wophikidwa mofewa, mlongo wake wa nsima ya mgaiwa. Ndinaika foloko pambali, ndinasamba m'manja, ndipo mayi wogulitsayo anaseka n'kundiwonjezera ina.

Loweruka, Milan

M'mawa tinayenda mu Via Manzoni mpaka pa Grand Hotel et de Milan, kumene khamu lija linakokera ngolo. M'hotela imeneyi Verdi anamwalira pa 27 Januwale 1901, Boito ali pambali pa bedi. M'masiku ake omaliza anthu anayala udzu mumsewu kuti phokoso la ngolo ndi ziboda za akavalo lisamusokoneze.

Kenako tinakwera sitima ya mzere wofiira mpaka pa Buonarroti. Pamenepo pali Casa di Riposo per Musicisti, nyumba imene Verdi anamanga ndi ndalama zake kuti oyimba okalamba osowa pogwira azikhalamo. Anaijambula ndi Camillo Boito, mkulu wake wa Arrigo. Inalandira anthu oyamba mu 1902, ndipo mpaka lero akukhalamo. Verdi ankati mwa ntchito zake zonse, yokongola koposa ndi imeneyi. Manda ake ndi a Giuseppina, amene anatsogola mu 1897, ali m'kachipinda kumapeto kwa bwalo la m'kati, ndipo aliyense amaloledwa kulowa. Pamene thupi lake linkasamutsidwira kuno patatha mwezi umodzi chimwalirireni, Toscanini uja wa cello ndi amene anatsogolera oyimba mazanamazana. Titaima pa mandapo, pa zenera lina m'mwamba munthu ankaliza piyano, liwu la mayi wokalamba likukwera ndi kutsika masikelo, kulakwitsa pamwamba, kuyambiranso.

Potuluka ndinapempha mphwanga kuti andipezere pepala, envulopu ndi sitampa. Kuno masitampa amagulitsa m'timasitolo ta fodya tokhala ndi chilembo T pakhomo. Ndinakhala pa benchi moyang'anana ndi chipilala cha Verdi, waima manja kumbuyo ngati akuyendera munda.

M'kope lija ndinabweza munali nyimbo ya Pasaka imene tinaisiya pakati. Mavesi awiri oyamba anatha, ndipo ndimawakumbukira pamtima. Lachitatu linatikanika: mzere wachiwiri uli ndi liwu limodzi lotalika, ndipo noti yapamwamba ya asopulano imagwera pa "i" m'malo mwa "a", mawu n'kumatuluka opanikizika. Ndajambula mizere isanu pa pepalalo ndi m'mphepete mwa pasipoti, ndalemba chuni cha vesilo monga ndikuchimvera tsopano, ndi solofa pansi pake popeza aphunzitsi aja amawerenga solofa. Pamwamba ndalemba kuti, "Okondedwa Aphunzitsi, vesi lachitatu lija likadali kugwedera pa mzere wachiwiri. Ndasintha chuni apa ndi apa. Ngati ndalakwitsa mundiuze, ndipo ngati liwu lija lingasinthike, inu ndi amene mungalipeze." Za envulopu yoyamba ija ndalemba mizere iwiri kumapeto, kuti zimene ndinamva sindinazimve kwa iwo ndipo ndinayenera kubwera kudzafunsa.

Mphwanga akuti kalatayi ingatenge milungu itatu kapena kuposa, ndipo ine ndikafika kwathu Lachinayi, iyo isanafike. Anati bwanji osangoijambula n'kutumiza pa WhatsApp. Ndaiponya m'bokosi lofiira pa ngodya ya msewu, adilesi yake ndi ya ku sukulu.